A Dolofe ndi adalaivala awo

Loweruka lapitali tinakamanga chiliza pamanda a amayi anga aakulu, a Dolofe. Patha chaka chimwalirireni. Titapemphera, amalume anga a Matiyasi, omwe ndi alongo awo a malemuwo, anati aliyense amene ali ndi mawu anene. Anthu ananena kuti anali mayi wolimba, wosunga mwambo, wosajomba ku mapemphero. Zonsezo n'zoona. Ine atandiloza ndinangowerama n'kumakonza mpango kumutu. Zimene ndinali nazo zinali zazitali, ndipo zina mwa izo a Matiyasiwo sakuzidziwa mpaka lero.

A Dolofe anali akulu awo a mayi anga ondibereka. Mayi anga atamwalira ndili wamng'ono, iwo ndi amene ananditenga, ndipo ndinakulira m'nyumba mwawo, kumtunda kwa Domasi Mishoni, pafupi ndi mtsinje. Ana awo obereka okha anali aamuna awiri, ndipo onse anakakwatira kutali. Choncho ine nditakwatiwa ndi a Lakisoni, ochokera ku Balaka, n'kumanga nyumba yathu kuseri kwa yawo, a Dolofe ndiwo anakhala apongozi a amuna anga.

Anali aatali, a mafupa akuluakulu, oyenda chowongoka ngati asenza ndowa yodzaza. Kutchalitchi ankapita nsapato zili m'manja n'kukavalira pakhomo, chifukwa ankati phazi limasambika koma nsapato ikatha yatha. Fodya wawo wa m'mphuno ankasunga m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa, ndipo abusa akatulukira mwadzidzidzi ankangokakhalira. Makolo awo anachokera ku Mozambiki. Akakwiya kwenikweni ankasiya Chichewa n'kuyamba Chilomwe, chimene ife ana sitinkamva. Mbuzi zokha ndi zimene zinkaoneka kuti zikumva, chifukwa zinkatuluka m'munda msangamsanga. Akateleka kalongonda, nyemba zija zofuna kuwiritsa tsiku lonse n'kumataya madzi, sankalola munthu kuvundukula mphika. Ankati wachangu akakazinge chimanga.

Koma chimene ankadziwika nacho m'dera lonse ndi upongozi. Kale kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana kumaso, sankadyera pamodzi, sankakhala pamphasa imodzi. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Masiku ano ambiri anazisiya zimenezo. A Dolofe sanasiye ngakhale pang'ono. Akafuna kunena kanthu kwa amuna anga ankaitana ine, ngakhale amuna angawo ali pomwepo akukonza njinga.

"Iwe Enelesi, ukawauze apongozi kuti denga la nkhokwe likudontha."

A Lakisoni ankayankha atayang'ana mtengo wa mango. "Amake Tadala, auzeni amayi kuti ndiliona mawa."

"Uwauze kuti dzulonso anati mawa."

Poyamba amuna anga ankaganiza kuti amayi sakuwafuna pamudzi. Kwawo ku Balaka anakulira patauni, zimenezi ankangozimva. Anayamba kumvetsa ataona kuti nkhuku ikaphedwa, ntchafu zonse ziwiri zimabwera kunyumba kwathu m'mbale yovundikira, popanda mawu.

A Matiyasi, omwe ndi mkulu wa mpingo, ankakangana nawo kawirikawiri pa nkhaniyi. "Achemwali, zimenezi zinatha kalekale. Mnyamatayu wakumangirani bafa, wakufolererani khitchini, mwana wabadwa. Iphani nkhuku mudyere mbale imodzi, mumasulane basi." Kumasulana kwake n'kumeneko: apongozi ndi mkamwini akadyera limodzi pamaso pa anthu, amayamba kulankhulana ngati mayi ndi mwana.

"Akazi anu anamasulana ndi akamwini awo," anatero amayi. "Si omwewo anatukwanizana pachitsime mwezi watha, mudzi wonse ukumva? Ine ndi apongozi anga munamvapo tikukangana?"

"Mukangana bwanji osalankhulana?"

"Ndiye mwayankha nokha."

Amuna awo a amayi, a Jemusi, ine sindinawaone. Anamwalira ndisanabwere pakhomopo. Ankacheka matabwa pamwamba pa phiri la Zomba, kukwera Lolemba, kutsika Loweruka. Akafika kunyumba, asanasambe n'komwe, ankayamba kuwerengera akazi awo zimene achita mlungu wonse. Ankati kumwamba kuja kuli malo oonera kunsi, ndipo akaima pamenepo amaona pakhomo pawo poyera. Lachitatu unayanika ufa n'kuusiya wokha, unapita kocheza. Lachinayi sunasese. Chodabwitsa n'chakuti nthawi zambiri ankalondola. Choncho amayi anakhala zaka zonse za ukwati wawo akusesa m'mamawa, osachedwa kwa anzawo, akamatuluka m'nyumba n'kumaponya diso kuphiri. A Jemusi atamwalira chizolowezicho sichinathe. Ine ndinakula ndikuwaona m'mawa uliwonse ataima pabwalo, tsache lili m'manja, akuyang'ana phiri. Nkhuni anatolako m'munsi mwake kuyambira ali mtsikana, koma pamwamba anali asanafikepo. Nthawi zina ankanena okha kuti akufuna adzadziwe ngati munthu uja ankaonadi, kapena panali wina pamudzi amene ankamunong'oneza.

Chaka chimene mwana wanga Tadala anabadwa, maso a amayi anayamba kuchita chifunga. Ankathira thobwa pambali pa kapu. Ndinawaperekeza kuchipatala ku Zomba, ndipo adokotala anati si ng'ala yoti angachotse, ndi matenda a m'kati mwa diso. Mankhwala odontheza akanangochedwetsa, koma chaka chamawa mwina sadzaonanso. Amayi anathokoza, anapinda kapepala kawo n'kukamanga pansonga ya chitenje. Titatsika minibasi n'kuyamba kuyenda wapansi, anaima, anatembenukira kuphiri.

"Ndiye kuti ndikwere chaka chino," anatero.

A Lakisoni amayendetsa galimoto yaing'ono ya bambo ena a ku Naisi, yonyamula anthu pakati pa Zomba ndi Liwonde. Nditawauza, anakapempha eni ake kuti awabwereke Loweruka limodzi. Anati ngati amayi akukwera galimoto, asaone phiri lokha. Akaonenso njovu ku Liwonde, chipilala cha asilikali, munda wa maluwa wa m'tauni, phiri likhale lomaliza. Unali mwezi wa Seputembala, kuzizira kutatha, kutentha kwenikweni kusanafike, mitengo ya m'mapiri itayamba kuphuka masamba ofiira.

Amayi anakana. Anati munthu angatsekeredwe bwanji m'kabokosi kamodzi ndi apongozi ake tsiku lonse, akupumirana mpweya. A Matiyasi atamva anaseka n'kunena kuti mwambo ukuwadyera ulendo. Patapita masiku amayi anandiitana kukhitchini.

"Woyendetsa galimoto amatchedwa chiyani?"

"Dalaivala, amayi."

"Eya. Loweruka kulibe apongozi. Kuli adalaivala. Ndipo upeze chitenje chachikulu."

M'mawa wa ulendowo anadzuka kusanache bwino n'kuyala mphasa zonse za pakhomo pakati pa bwalo. Anakhuthulirapo ufa woyera, wina wouma kale, n'kuuyanika mpaka bwalo lonse linayera. Anati nyumba zaudzu zimafanana, koma ufa sungasowe kuuona tili kuphiri. Woulondera nkhuku anasiya a Nasimango, mnzawo wa nyumba yoyandikana, amene anakula nawo limodzi. Kenako anaimirira pafupi ndi galimoto mpaka ndinamanga chitenje chija kuchokera pachogwirira cha chitseko china kukafika china, kutchinga pakati pa mipando ya kutsogolo ndi ya kumbuyo.

"Amake Tadala, auzeni amayi kuti pagalasi sindikuona kumbuyo."

"Uwauze adalaivala kuti kumbuyo kulibe chawo."

Amayi ankafuna tiyambire kuphiri. Adalaivala anati njovu zimaoneka m'mawa kusanatenthe, ndipo kuphiri ndi bwino madzulo, dzuwa likakhala kumsana, chigwa chimaoneka bwino. Amayi anang'ung'udza mpaka ku Malosa kuti iwo sanayanikire ufa njovu.

Pageti la nkhalango ya Liwonde mlonda anasuzumira m'galimoto, anaona chitenje.

"Muli odwala m'menemu?"

"Ayi bwana," anatero a Lakisoni. "Muli apongozi."

Mlondayo anabwerera m'mbuyo n'kuvula chipewa. "Pepani, pepani. Lowani bwino, amayi."

M'nkhalangomo munali mouma, udzu utafera pansi, milambe itaima yopanda masamba. Nswala zinkadumpha msewu, koma amayi ankangoona kanthu kofiirira kakudutsa. Njiri inabwera pafupi ndi zenera lawo, ndiye anaiona bwino ikudya itapinda miyendo yakutsogolo. Anati kanyamaka kamagwada kakamadya, kakuposa a Matiyasi. Kumtsinje wa Shire tinamva mvuu zikufwenthera, tinaona mitu yokha.

Njovu zinatulukira kutsogolo kwa galimoto, zazikulu ndi mwana mmodzi, zikuwoloka msewu mosapupuluma. A Lakisoni anazimitsa injini. Ine ndinasuzumira m'mbali mwa chitenje.

"Amayi, njovu! Ndikweze nsaluyi pang'ono?"

"Usakhudze. Uwauze adalaivala atembenuze galimoto."

Msewu unali wopapatiza. A Lakisoni analiza injini, anabwerera m'mbuyo, anapita kutsogolo, anabwereranso, thukuta lili kamukamu, njovu yaikulu ikukupiza makutu kuwayang'ana. Potsiriza galimoto inaima chopingasa, zenera la amayi litaloza njovu. Zimenezo zinali zazikulu zokwanira maso awo. Anaika chipumi pagalasi n'kuziyang'anitsitsa.

"Nkhokwe zoyenda," anatero. "Chabwino, ndaziona. Tiyeni kuphiri."

Koma phiri linali lisanafike. Tinabwerera njira yomweyo, kudutsa Malosa ndi Naisi, n'kulowa m'tauni ya Zomba. Mitengo ya jakaranda inali itachita maluwa, ena atayoyokera pamsewu, ndipo amayi anatulutsa dzanja pazenera ngati angagwire. Tinaima pachipilala cha asilikali, nsanja yaitali ya njerwa yolembedwa maina a anthu amene anafera ku nkhondo za azungu. Anayendetsa zala pa zilembo, ine ndikuwawerengera. Nditawerenga pang'ono anandiletsa. Anati ndi ambiri, ndipo aliyense anasiya mayi wake akudikira. Podutsa pa nyumba ya malamulo yakale anafunsa ngati phokoso lonse lija ankalimva pa wailesi linkachokera m'menemo. Nditavomera anati ankayesa ndi chinyumba chofika kumitambo.

Chakudya tinakadyera ku munda wa maluwa umene anthu amati ku Botaniki. Ndi malo ozizira, mtsinje wa Mulunguzi ukudutsa pakati, mitengo yaitali ili ndi timatabwa ta maina, ana a sukulu atakhala awiriawiri pakapinga. Amayi anadya mpunga wawo kuseri kwa nsungwi. Adalaivala anakadyera tsidya lina la kamlatho. Vuto linali tinjira ta m'mundamo, timene timazungulira n'kukumananso. Kawiri konse tinangotulukirana nawo pakona. Kachiwiriko a Lakisoni anasowa kopatukira, analumphira m'bedi la maluwa. Bambo wina wosamalira mundawo anakuwa ali patali, akubwera ndi khasu m'manja. Atamva chifukwa chake anaseka mpaka anatsamira mpini, n'kunena kuti agogo ake okha ndi amene ankachita zimenezo. Amayi sanamve nawo. Anali atagwira duwa lalikulu lofiira, atalifikitsa pafupi ndi diso, akulitembenuza.

"Zonsezi amalima osadya?" anandifunsa.

"Ndi zongoona ndi maso basi, amayi."

"Ndiye ndafika mochedwa."

Msewu wokwera phiri ndi wokhotakhota. Tinakumana ndi abambo akutsetsereka ndi njinga zodzaza nkhuni, azimayi atasenza mitolo yaitali, ena akugulitsa zipatso m'timabasiketi. Tinadutsa damu lalikulu. Mbali zina mitengo inali itadulidwa, kwatsala zitsa zokhazokha. Titalowa m'nkhalango ya paini amayi anatsitsa galasi mpaka pansi n'kukoka mpweya. Anati ndi fungo la malaya a Jemusi tsiku Loweruka.

Msewu wa tala utatha tinalowa wafumbi, kenako wamiyala, kenako wa maenje okhaokha. Potsiriza tinapeza mtengo wa paini utagwa chopingasa. A Lakisoni anatsika, anayesa kuukankha, unakana. Anati malo oonera mbali ya ku Domasi ali pafupi, kungokwera chitunda chimene chinali patsogolo pathu.

Kwa munthu wa maondo abwino chitundacho si kanthu. Amayi anatenga ndodo, ine ndinawagwira mkono, Tadala ali kumsana. A Lakisoni anatsogola patali. Tisanafike n'pakati pomwe, maondo a amayi anakana. Anakhala pansi akupuma wefuwefu. Anadzuka, anayenda pang'ono, anakhalanso. Ndinakapereka mwana kwa bambo ake n'kubwera kudzagwada kuti ndiwabereke. Anakwera, ndinadzuka, ndinadzandira, tonse tinagwera m'maudzu.

"Iwe, ukufuna undiphere patchire?"

Dzuwa linali litapendeka. Pamalopo panalibe munthu wina aliyense. Amayi anakhala atatambasula miyendo, akuyang'ana chitunda chimene chinatsala. Sindinawaonepo nkhope yotero, ngakhale tsiku la kuchipatala lija. A Lakisoni anali ataima chapatali, atatifulatira monga mwa nthawi zonse, mwana ali paphewa. Kenako analankhula akuyang'ana mitengo.

"Amake Tadala, auzeni amayi kuti msana ulipo."

Ine ndinachita mantha kubwereza mawuwo. Amayi anati, "Ndamva."

Anatulutsa kabotolo kawo, anagogoda fodya pachikhatho, anakoka mphuno iyi ndi iyi. Anapukuta zala pachitenje. Tinadikira.

"Enelesi, pita ukamasule nsalu ija m'galimoto."

Ndinathamanga n'kubwera nayo. Anandiuza kuti ndiipinde pawiri, ndikaiyale pamsana pa adalaivala. Nditatero anati, "Tenga mwana wako. Tsogola. Ukacheuka, usadzanditchulenso amayi."

Choncho ine sindinaone kanthu, ndipo palibe munthu anganene kuti anaona. Ndinkangomva kumbuyo kwanga mapazi olemera akuponda masamba ouma, ndi kupuma kwa amuna anga. Titakwera ndithu ndinamva mawu a amayi, otsika, osadzera kwa ine.

"Ndikukulemerani."

"Ayi amayi. Ndimanyamula matumba a feteleza."

"Ndiye mwandiyesa feteleza."

Ndinamva a Lakisoni akuseka chapansipansi mpaka anaphonya phazi, amayi n'kuwadzudzula kuti ayang'ane njira.

Pamwamba pali mwala waukulu wafulati, ndipo kutsogolo kwake dziko limangothera pomwepo. Mphepo inkawomba mwamphamvu. Pamene anandilola kucheuka, amayi anali ataima okha, atagwira ndodo ndi manja awiri, nsalu ija ili paphewa pawo. Anatsinzina, anatsegula, anapukuta maso ndi nsonga ya mpango, anayang'ananso.

"Enelesi, ukuona chiyani?"

Ine ndinkaona chigwa chonse, chachikulu moti mutu unazungulira, koma sindinkadziwa kuti kwathu ndi pati. Ndinati, "Ndikuona pakhomo, amayi. Ufa uja ndi uwo, ukuyera mbee."

"Loza."

Ndinaloza. Anagwira mkono wanga n'kuutsatira mpaka kuchala.

"Kumene kukuwalako? Uko ndi ku Chilwa, iwe. Ufa wanga wafika liti kunyanja?" Anandikankhira pambali. "Iwe umandimvera chisoni. Bambo a Tadala."

"Wawa, amayi."

"Inu maso anu ndi a pamsewu, amaona patali. Bwerani muime apa. Ine ndikungoona kuwala ndi utsi. Ndiuzeni zimene zilipo, osawonjezera."

A Lakisoni anabwera n'kuima pambali pawo, chipewa chili m'manja. Anayambira kumanzere. Anatchula phiri la Malosa, masamba ake ofiira ngati lapsa. Anatchula mtsinje wa Domasi, kuti ukuoneka ngati mzere wobiriwira pakati pa minda youma. Anatchula madimba, malata a sukulu, msewu wa ku Liwonde ndi lole imene inkayenda ngati nyerere. Amayi ankagwedeza mutu, nthawi zina n'kufunsa kuti mbali iti, iwo n'kuwatembenuza ndi mawu okha.

"Nanga ufa?"

"Ufa sukuoneka, amayi. Ndi nyumba yomwe. Mitengo ya mango yaphimba mudzi wonse."

"Kale mitengoyo inali yaing'ono."

"Ngakhale ikanadulidwa yonse, amayi. Tchalitchi chenichenicho chikuoneka ngati bokosi la machesi. Munthu pano simungamuone, kaya akusesa kaya sakusesa."

"Kapena ndi utsi wa moto wa m'tchirewu?"

"Ngakhale mvula itagwa kukayera. Sizingatheke."

Ine ndinkaopa kuti amayi alira. M'malo mwake ananena mawu aatali m'Chilomwe, akuloza pansi ndi ndodo, ndipo dzina la a Jemusi linamvekamo kawiri. Kenako anayamba kuseka, kuseka kwenikweni mpaka misozi, n'kukhala pansi pamwala paja.

"Zaka zonse zija ndikusesera phiri," anatero. "Ndiye kuti anali Nasimango."

Anawauza a Lakisoni kuti abwerezenso zonse kuyambira kumanzere, pang'onopang'ono. Anabwereza. Atamaliza amayi anati, "Zikomo, bambo. Ndaona." Potsika ananditsogozanso. Titafika pagalimoto anandipatsa nsalu ija kuti ndiimange pamalo pake, ndipo titangonyamuka anati ndiwauze adalaivala achepetse liwiro.

Tinafika kunyumba dzuwa likulowa. A Nasimango anali ataola ufa n'kupinda mphasa, akutidikira pakhonde. Amayi anatsika, anavula nsapato, anayenda pabwalo pang'onopang'ono.

"Anasimango, tulo tinali bwino?"

"Tulo tanji, anzanga?"

"Ndimakuonanitu kumwamba kuja. Munatsamira khoma, mutu uli pambali, nkhuku zili m'ufa wanga."

A Nasimango anagwira pakamwa. "Ndinangotsinzina pang'ono pokha. Koma... zimaonekadi?"

"Mukufunsa ngati simukudziwa bwanji? A Jemusi sankakuuzani?"

A Nasimango anatsanzika msanga tsiku limenelo. Pambuyo pake amayi anandiuza kuti anaponda ufa womwazika kunja kwa pamene panali mphasa, ndipo a Nasimango amawodzera masana alionse kuyambira ali mtsikana. Sanawafunsenso za nkhaniyo, ndipo anapitiriza kugawana mchere ndi fodya mpaka mapeto. A Matiyasi atabwera kudzamva za ulendo, amayi anawauza za njovu, za njiri yogwada, ndi kuti phiri anakwera bwinobwino. Atafunsa kuti ndi maondo amenewo anakwera bwanji, anayankha kuti ndi mmene anthu amakwerera.

Kuyambira m'mawa mwake zonse zinabwerera mwakale. Uthenga unkadzeranso kwa ine, mbale yovundikira inkabwerabe. Nkhuku ya a Matiyasi ija sinaphedwe. Chimene chinasintha n'chakuti amayi anasiya kulawirira kusesa. Ankayamba amwa tiyi, dzuwa n'kukwera, ndipo masiku ena bwalo linkagona losasesa. Ine tsiku lina ndinawafunsa amuna anga ngati amayi ankalemera. Anati zimenezo ndikafunse adalaivala, iwo kunalibe.

Maso anatsekeka mvula yotsatira isanathe. Anakhala chaka china akuyenda chogwira khoma, akusenda nandolo ndi zala zokha, akudziwa aliyense ndi mapazi ake. Anadwala chibayo nthawi yozizira ndipo sanachedwe. Manda awo a Lakisoni anakumba nawo, monga amachitira akamwini, ndipo sanalankhule pamaliro.

Nyumba yawo ikadalipo, yotseka ndi waya. Ana awo sanagwirizanebe kuti mulowe ndani. Pakhonde, pamene ankakhala, dothi ndi losalala kuposa pena ponse, ndipo khoma lili ndi mzere wakuda pamene ankadutsitsa dzanja popita kukhitchini. Nkhuku zimagona pamenepo masana. Kuchokera kunyumba kwathu kupita kumsewu, njira yachidule ndi yodutsa pabwalo lawo, ndipo ine ndi ana timadzera pomwepo. Koma palinso kanjira kena kozungulira kuseri kwa nkhokwe, kodutsa m'chinangwa, kamene a Lakisoni anaponda okha kuyambira chaka chimene anabwera pamudzi. Amayi atasiya kuona, amuna anga ankati akafika pakona pa nkhokwe amatsokomola kamodzi, kuti amayi adziwe ndi kutembenuza nkhope, ndipo ankatembenuzadi. Kanjirako sikanamere udzu. M'mawa uliwonse ndimamva chitseko chathu chikutsekeka, mapazi akulowa m'chinangwa, kenako pakona pa nkhokwe, kutsokomola kamodzi.